A Sakala ndi dibi la mafoni

Sabata yatha kuchigayo ndinatsala pang'ono kumenya munthu ndi lichero. Amai Zulu a kuseri kwa tchalitchi ankadandaula kuti foni yawo yayamba ufiti. Akuti akagula bandulo m'mawa imatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo akangoti aone mtengo wa mtedza, pagalasi pamabuka chimwamuna chovula malaya chotsatsa mankhwala a mphamvu. Atatopa n'kudandaula anausa moyo nati, "Mayo ine, a Sakala akanakhalapo sembe anikonzela."

Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Amai omwewa anakhala zaka zitatu osawapatsa moni a Sakala, akakumana nawo panjira ankapatukira m'tchire ngati aona njoka. Lero ati akanakhalapo! Ndinasenza ufa wanga n'kuchokapo msanga, chifukwa pakamwa panga ndimapadziwa.

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni a Domingo Sakala. Kuno kwa Kalindawalo palibe amene walikumbukira tsikulo, ngakhale kutchalitchi dzina lawo silinatchulidwe. Ndiye ndati ndilembe ine, mlembi wa gulu lathu la alimi, ngakhale kuti nanenso manja anga si oyera pa nkhani yawo. Munthu uja ankafuna chinthu chimodzi chokha kwa ife, kuti timuwerenge ngati munthu wa pano. Kwa zaka zoposa makumi awiri tinamulola kuganiza kuti zinatheka.

Anali aatali, oonda, oyenda mowerama pang'ono ngati akufunafuna singano pansi. Magalasi awo anali omanga ndi waya mbali imodzi. Anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo pamodzi ndi akazi awo, amai Teleza, nakhala kumsasa wa othawa nkhondo. Mtendere utabwera anzawo anakwera malole kubwerera kwawo, koma iwo anatsala chifukwa ana awo awiri anagona m'nthaka ya kuno, ndipo amai Teleza anakana kuwasiya okha. Malemu a Daka aakulu, bambo wa a Daka amene ndi wapampando wa gulu lathu lero, ndi amene anawalozera munda m'mphepete mwa kamtsinje, nawauza kuti alime mpaka manja atope. Panalibe pepala. Masiku amenewo mawu a munthu wamkulu ankakwana.

Kuti akhale munthu wa pano anayesetsa, zimenezo palibe angakane. Chinsenga anachiphunzira ali wamkulu kale, ankachilankhula mopindapinda, ife n'kumafa nalo phwete, iwo osaleka. Maliro akachitika m'mudzi, woyamba kufika kumanda ndi khasu lake anali iwo, ngakhale womwalirayo akhale munthu amene anatukwanizana naye dzana. Tsiku limene tinawasankha kulowa m'komiti ya gulu anabwera kumsonkhano wotsatira atavala jekete, kunja kukutentha moti ndi agalu omwe anali atabisala. A Daka ankawatcha atate pagulu, ndipo iwo akamva mawu amenewo ankakonza kolala.

Ankalima chimanga, thonje ndi mtedza monga tonsefe, koma ankadziwika ndi kukonza mawailesi. Mawailesi atayamba kutha anasamukira ku mafoni. Mwana wawo wamkazi wa ku Lusaka anawatumizira laputopu yakale ndi sola, ndipo nkhalamba ija inalowa m'makinawo mutu ndi miyendo yomwe. Amai Teleza ankati anakwatiwa ndi mwamuna koma akukalamba ndi msana wa mwamuna, chifukwa ndi umene ankauona pakhonde tsiku lonse.

Ntchito imene anatchuka nayo inayamba ndi mkwiyo. Anaona kuti bandulo yawo ikutha asanawerenge kanthu, ndipo a Sakala sanali munthu wolola chinthu kumuchitikira osachimvetsa. Anafufuza miyezi ingapo mpaka anapeza kuti tsamba la pa intaneti silibwera lokha. Limabwera ndi timapulogalamu tobisika tambirimbiri ta anthu ena, tina toonetsa malonda, tina tolemba zimene munthu wawerenga, pamene waima ndi nthawi imene wakhala akuyang'ana chinthu, n'kutumiza zonsezo kwa eni ake. Anapezanso kuti timeneti timatheka kutchinga. Mu bulawuza, ija timatsegulira masamba, ankaikamo chotchinga, ndipo ngati bulawuza yobwera ndi foni ikukana, ankaikamo ina yomvera.

Timapulogalamu timeneti ankatitcha nkhupakupa, poti timayamwa mwakachetechete ng'ombe ili kudya. Anthu sanachedwe kutcha khonde lawo kuti kudibi, kuja timasambitsira ng'ombe mankhwala ophera nkhupakupa. Loweruka masana unkapeza njinga zitatsamira mpanda, anthu atandanda ndi mafoni m'manja, ena ochokera mpaka ku Ndake. Unkamva munthu akutsanzika kunyumba kuti, "Niyende kudibi, foni yanga yaonda."

Sankangokonza n'kubweza. Ankakukhazika pambali pawo, n'kutsegula tsamba limene umalikonda, n'kukuonetsa mndandanda wa zimene chotchinga chagwira. Mayina achizungu aja ankawawerenga mokweza ndi lilime lawo la Chipwitikizi, limodzilimodzi, monga amachitira kalaliki wa kukhoti poitana oimbidwa milandu. "Imwe munaitana mlendo mmozi," anandiuza tsiku loyamba, "manje onani amene abwela naye. Uyu mumuziba? Nanga uyu? Onse aba alowa mpaka kuchipinda kwanu, imwe muli phee." Foni yanga ndiyo inali ndi nkhupakupa zambiri m'mudzi monse, ndipo analengeza zimenezo pamaso pa anthu, ati zimatsata wokonda nkhani za eni. Akamaliza ankapukuta galasi ndi chipewa chawo nati, "Pulonto." Tonse tinkadziwa kuti ndiye kuti ntchito yatha.

Sankalipiritsa. Ukabwera ndi mbale ya mtedza ankalandira, koma ukabwera ndi nkhuku ankakubweza nayo, amai Teleza akukukuta mano kuseri kwa nyumba. Sankalembanso dzina la munthu paliponse. Mafoni akachuluka ankawamangirira ulusi wa mitundu yosiyanasiyana, wofiira wa uje, wobiriwira wa uje, zonse n'kuzisunga m'mutu. Ndinawapatsapo kope kuti aziwalemba, analigwiritsa ntchito yotchinjirizira mwendo wa tebulo.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi, ndipo ankachibwereza mpaka kutopetsa. Ankati foni ndi ya amene waigula, choncho mwini wake ndiye ayenera kusankha amene alowe ndi amene atsale kunja, osati wopanga tsamba, osati wotsatsa malonda, ngakhale iwo a Sakala amene. Ankatilozera kachishango kakang'ono pangodya ya galasi, kuti tsamba likakana kugwira ntchito tizidina pamenepo n'kulola zimene tafuna tokha. Koma ife kuphunzira sitinkafuna. Tinkapereka foni monga timaperekera ng'ombe kudibi, n'kukaima pamthunzi kumacheza za mtengo wa thonje. Ine amene ndimadzitcha wophunzira ndinkangogwedeza mutu, khutu lili ku miseche.

Mikangano sinkawasowa. Anakangana ndi mphunzitsi wa kwaya pamene nyimbo za patsamba lina zinasiya kulira, chifukwa m'malo mongodina kachishango kaja anayamba kumulalikira za anthu amene akumuwerenga ali mkati moimbira Mulungu. Anakangananso ndi wogulitsa mafoni wina wa ku Petauke amene ankauza anthu kuti nkhalamba ya kwa Kalindawalo imawononga mafoni. Anapalasa njinga mpaka kushopu yake kukamuwerengera nkhupakupa za m'foni yake yomwe, makasitomala akumvetsera. Kujambulidwa ankakana kwamtuwagalu. Pa chithunzi cha gulu lathu chimene chili kushedi kumene timasonkhana, kumapeto kwa mzere wakumbuyo kukuoneka chigongono chokha cha munthu amene akuthawa.

Chifukwa cha zonsezi ndinachimva kamodzi kokha, tikusankha thonje pakhonde pawo. Sindinafunse, anangoyamba okha, maso ali pa thonje. Ali mnyamata kwawo, poti anali ndi dzanja labwino, anapatsidwa ntchito yolemba mayina a anthu olandira mchere ndi sopo. Ankalemba dzina, mudzi, ana angati, nyumba ili pati, zonse mwaukhondo, akunyadira zilembo zawo. Tsiku lina kunabwera amuna a mfuti natenga bukulo. Sanavutike kufunsa njira. Anayenda nyumba ndi nyumba akuwerenga zolemba za a Sakala, ndipo m'mizere yoyambirira munali dzina la mkulu wa a Sakala wa bere limodzi. Nkhani itafika pamenepo a Sakala anakweza dzanja lamanja n'kuliyang'ana kanthawi, kenako anapitiriza kusankha thonje. Ndinamvetsa tsiku limenelo kuti kwa iwo wolemba mayina aliyense ndi woopsa, ngakhale abwere ndi sopo.

Pa maliro awo mvula yoyamba inali itangogwa, ndipo anthu anapeza chifukwa chabwino chojombera, ati akubzala. Manda anakumba amuna okalamba a kumsasa wakale, amene anayenda mtunda wautali ndi makasu awo. A gulu lathu tinalipo anayi. A Daka anafika mochedwa koma analankhula bwino kwambiri, moti mlendo akanaganiza kuti wamwalira ndi bambo wawo wowabereka. Ine ndinali kumbuyo ndikutafuna nsonga ya chitenje kuti ndisakuwe. Kuti zimveke bwino, ndibwerere zaka zitatu m'mbuyo mwa maliro amenewo.

Chaka chimenecho bungwe lina lothandiza alimi linalengeza kuti lipereka mbewu ndi feteleza kwa magulu. Kulembetsa kunali kwa pafoni basi, ndipo tsiku lotseka linali Lachisanu. Ine monga mlembi ndinanyamula buku la mayina ndi foni ya gulu kupita kwa a Sakala, ndipo tinakhala pakhonde masiku awiri tikulowetsa mayina ndi manambala a zitupa. Pansi pa dzina lililonse panali kabokosi kotuwa kopanda kanthu, pamwamba pake atalemba kuti malo a munda. A Sakala anadina kachishango naona kuti kabokosiko ndi ka mapu, kochokera kwa anthu ena osati bungwelo, ndipo chotchinga chakagwira. Kuti kagwire ntchito panafunika kukalola, kenako kupita kukaima pakati pa munda wa munthu aliyense n'kudina, kuti foni itumize malowo.

"Atate, tikalole chabe," ndinatero.

"Afuna kupatsa anthu feteleza, kapena afuna kuziba pamene munthu aliyense alima?" anandifunsa. "Mazina tapatsa. Zitupa tapatsa. Manje na minda? Awe, amai mlembi. Sanalembe kuti ni lamulo."

N'zoona, panalibe pamene analemba kuti kabokosiko n'kokakamiza. Analola timapulogalamu ta bungwelo tokha, tinato n'kutisiya totchinga, ndipo titadina potumiza, tsamba linayankha kuti zikomo, talandira. Ine ndinadziwa kuti tasiya kanthu. Ndikanatha kulimbikira, ndikanatha kukauza komiti tsiku lomwelo. Koma unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwotcha koopsa, ndipo woyenda minda yonse ija ndi foni akanakhala ine. Ndinatseka buku langa n'kupita kunyumba wosangalala kuti miyendo yanga yapulumuka. Ichi sindinauzepo munthu mpaka lero.

Mayina atatuluka, magulu oyandikana nafe analipo, lathu panalibe. Tinaona ngolo za anzathu zikudutsa pamsewu ndi matumba, mitambo itayamba kale kusonkhana. Kunaitanidwa msonkhano kushedi, ndipo anthu anabwera atakwiya kale, maso onse ali pa ine poti buku linali m'manja mwanga. Ndisanatsegule pakamwa, a Sakala anaimirira, chipewa m'manja, nafotokoza zonse monga zinachitikira, kupatula zoti ine ndinaona n'kukhala chete. "Ndine ninakana," anatero. "Amai mlembi alibe mlandu."

Kunabuka phokoso. A Daka anadikira kuti litsike, kenako analankhula mofatsa, ndipo kufatsako ndiko kunapweteka kwambiri. "Bambo Sakala," anatero, osati atate monga mwa masiku onse, "atate anga anakupatsani munda. Ise tinakupatsani ulemu. Imwe mwatipatsa njala. Nkhondo yanu sembe munaisiya kumalile, osati kubwela nayo m'mafoni athu." Kumbuyo mzimayi wina anakuwa kuti abwerere kwawo, ena n'kuvomereza. Mawu amenewo anali asanamvekepo m'mudzi muno zaka zonse zija, koma anatuluka mosavuta, ngati anali kale pansi pa lilime. A Sakala anavala chipewa natuluka. Ine ndinaweramira buku, ndikulemba zokambirana.

Mawa lake ndinapita kwawo, ndipo m'malo mothokoza ndinawakalipira. Chifundo chimene anandichitira chinkandiwotcha, ndiye ndinafuna kuti nawonso chiwawotche. "Nimwe munatiphunzisa kuti mwini foni ndiye asankha," ndinawauza. "Manje munda wa amai Zulu ni wanu? Munafunsa ndani? Mwatisankhila tonse, monga aja mumadana nawo." Ndinkayembekezera kuti akwiya, poti mkangano sunkawadutsa. Anangovula magalasi nati, "Mwakamba zoona." Kenako anati tipite limodzi ku Petauke tikapemphe.

Tinanyamuka m'mamawa pa njinga ziwiri. Ku ofesi ya bungwelo tinalandiridwa ndi mayi wina waulemu, amene anatiuza kuti palibe chimene angachite. Mafomu opanda malo a munda kompyuta inawataya yokha, panalibe ngakhale munthu amene anawaona. A Sakala anayamba kufotokoza kuti wolakwa ndi iwo, achotsedwe iwo koma anthu apatsidwe, ndiponso kuti anakana chifukwa sankafuna kuti minda ya anthu idziwike kwa alendo. Mayi uja anawayang'ana modabwa.

"Koma bambo, minda ya kwa Kalindawalo ili kale muno," anatero. "Anapima anthu ena zaka zapita. Ise tinafuna chabe kuona kuti munthu na munda wake zigwilizana. Bwelani muone."

Anatembenuza kompyuta. Panali chithunzi cha dera lathu chojambulira kumwamba, munda uliwonse utazunguliridwa ndi kamzere kachikasu. A Sakala anaweramira pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi. Anatsata kamtsinje ndi chala, napeza chulu, napeza mitengo itatu ya mango imene anabzala okha chaka chimene anafika. "Uyu," anatero. "Uyu ni wanga." Mayi uja anadina pamenepo pofuna kuwasangalatsa, ndipo pambali panatuluka dzina la mwini munda. Linali la a Daka.

Ndinakumbukira nthawi yomweyo, ndipo ndikhulupirira kuti nawonso anakumbukira. Zaka zingapo m'mbuyomo kunabwera anthu opima minda ndi kamakina m'manja, ndipo aliyense ankawaperekeza m'malire a munda wake n'kutchula dzina. A Sakala anakana kutuluka m'nyumba, ati iwo salembedwa. Amene anaperekeza anthuwo kumtsinje anali wapampando.

"Dinaninso," anatero a Sakala. Mayi uja anadinanso, dzina linatuluka lomwelo. Anawongoka, nathokoza mwaulemu, n'kutuluka. Pobwerera tinatsika njinga pachitunda china kuti tikankhe. "Ninatchinga mafoni a mudzi wonse," anatero, "kansi munda wanga unapita kale." Kenako anandipempha kuti ndisauze amai Teleza. Ine wa pakamwa posatseka chinsinsi chimenecho ndinachisunga, ndipo sindikudziwa ngati ndinachita bwino.

Sindikufuna kuwayeretsa. Chaka chimenecho chinali chowawa, ndipo anachiwawitsa ndi iwo. Chimanga chathu chinakhala chachikasu, cholekeza m'chiuno, nkhokwe zinatha msanga, mabanja ena anafika podya kamodzi pa tsiku, ndipo amai Zulu anagulitsa mbuzi zawo zonse. Munthu anasankhira anzake chifukwa cha mantha ake, anzakewo n'kugona ndi njala. Zimenezo zinachitika. Koma chimene chimandiwawa n'chakuti a Daka akanalakwitsa chomwecho, tikanawanyoza mwezi umodzi n'kuwasankhanso. Mwana wa pano akalakwa amangokhala wolakwa. A Sakala atalakwa anasanduka munthu wa ku Mozambiki.

Anthu anatengera mafoni awo kwa wogulitsa wa ku Petauke uja kuti akachotse zonse zimene a Sakala anaikamo, ena akunena kuti chotchingacho chimatchinga ndi mwayi womwe. Dzina lawo linachotsedwa m'komiti popanda kukambirana, ndipo amene analidula ndi cholembera ndine. Loweruka pakhonde paja pankangoyenda nkhuku. Kutchalitchi, nthawi yopatsana moni wa mtendere ikakwana, oyandikana nawo ankatanganidwa ndi a mbali inayo. Iwo anapitiriza kulima munda uja mwakhama kuposa kale, n'kubzalamo timitengo tina ta zipatso, nkhalamba yodziwa bwino lomwe dzina limene lili m'kompyuta. A Sakala ankalonjera a Daka monga kale, ndipo sanawafunsepo za dzinalo.

Ine ndinatha miyezi isanu ndi umodzi ndisanaponde pakhomo pawo, ndipo anali manyazi, osati mkwiyo. Nditapita ndinanamizira foni yatsopano. Anandilandira ngati tinaonana dzulo, koma nditawatambasulira foni anaika manja kumbuyo.

"Awe, ine sinigwilanso foni ya munthu," anatero. "Khalani apa. Dinani mweka, na chala chanu. Ine nizakuuzani chabe chimene kalikonse kachita."

Tinakhala masana onse, ine ndikulakwitsa, iwo akuseka pang'onopang'ono. Tsiku limenelo ndinaphunzira zimene anayesa kundiphunzitsa zaka zonse zija, ndipo sizinali zovuta n'komwe. Nditalola kapulogalamu kena kamene ndinkadziwa kuti iwo sakanakalola, anangondilozera kotsatira. Nditati ndiyambe kupepesa za kushedi, anandidula mawu n'kuyamba kufunsa za ana anga. Anthu amene anabwera kudzaphunzira mwanjira imeneyo sanapitirire asanu, ndipo ambiri anali a kumsasa wakale.

Anadwala chifuwa masabata awiri okha. Amai Teleza anandiuza kuti Loweruka lomaliza anapempha kuti awatulutse pakhonde, ati mwina kubwera munthu ndi foni. Anakhala pamenepo atafunda bulangeti mpaka dzuwa kupendeka, kenako anati awalowetse.

Mwezi usanathe chiwaikireni, a Daka anapita kwa amai Teleza ndi pepala losindikiza, kukawauza mwaulemu kuti akolole zimene zabzalidwa, koma chaka chamawa munda ubwerera kubanja. Apo ndiye ndinalephera kupirira, ndinawatsatira a Daka n'kuwafunsa maso ndi maso za dzina lija. Sanachite manyazi. "Nanga sembe ninalemba zina la ndani?" anandiyankha. "Mwini wake anakana kutuluka. Ine ninasunga chabe nthaka ya atate anga." Ndinabwerera kunyumba, ndipo mawu amenewo amandidya mpaka lero. Amai Teleza anakolola, mwana wawo anabwera kudzawatenga, napita nawo ku Lusaka.

Dzulo ndinadutsa pa nyumba ya a Sakala ija. Sola anaichotsa, padenga pangotsala mabowo a misomali ndi kachidutswa ka waya kolendewera. Tebulo palibe, pasimenti pali madontho akuda a mtovu wowotcherera. Mpanda unagwa, mawindo anakhomapo malata, udzu wafika pamasitepe. Kumunsi, m'munda muja, chimanga cha a Daka chamera kale bii, chobzala ndi feteleza. Koma pakhondepo sipasowa anthu. Nyumba ija inamangidwa pakachitunda, ndipo m'dera lonse lino ndi pamene netiweki imagwira bwino. Ndinapeza anthu asanu ali chilili, aliyense atayang'ana kwake, mitu pansi, mafoni akuimba nyimbo za malonda m'manja mwawo. Pakati pawo panali a Daka, atakweza foni m'mwamba. Atandiona anaitsitsa n'kumwetulira.

"Fikani, amai mlembi," anatero. "Musaime pamsewu monga mlendo. Pano ni panyumba."

Ndinayankha moni, chifukwa ndinaleredwa, n'kupitirira.